Chitsulo Chomwe Chinapulumutsa Chimphona cha ku Tekisasi

Inu a Likaka, pukusani mutuwo mpaka uthothoke, koma ine ndinaponyanapo nkhonya ndi katswiri wa ku Amereka, ndipo ngati ndikunama mphezi indipeze pompano pamsika wa Milonde, dzuwa likuswa mtengo chonchi.

Nthawi imeneyo ndinkathyola tiyi pa esiteti, masiku aja oti pamsika sulowa wopanda khadi la chipani. Kunabwera mlendo wa bwana manijala, munthu wakuda ngati ife tomwe koma wa ku Tekisasi, chimunthu choti pokwera phiri ku Likhubula onyamula katundu ankachita kuthandizana nsapato yake imodzi. Ankati ankhonya onse a ku Tekisasiko anawagoneka, wina anadzuka ataiwala dzina la mayi ake, wina mpaka lero akumufunafuna. Bwana analengeza kuti womugonjetsa alandira njinga yatsopano. Ine mtima unali pa Esinati wa ku Thuchila, ndipo amalume ake anali atandiuza maso ndi maso kuti mkamwini woyenda pansi sakumufuna. Mkazi ameneyo ndinkamukonda, abale, osati masewera.

Loweruka anamanga zingwe pabwalo la mpira. Magolovesi amene anandiveka anaphulika nditangokunga chibakera, mpaka anandikulunga masaka m'manja. Mukumva? Anayamba ndi mlendo uja, chibakera choyamba chinandiphonya, koma mphepo yake inathyola tiyi munda wonse, masamba n'kukagwera okha m'madengu, amayi n'kuyamba nthungululu; chachiwiri chinandipeza pamphumi, khu! koma mutu uno unakhwima kalekale ndi matabwa a mkungudza omwe ndinkatsika nawo m'phiri ndisanalowe pa esiteti, moti zala zake zinapindika n'kumaloza ku Mozambiki. Apo ndinabweza changa chakumanzere, chimodzi chokha, ndipo munthu ananyamuka, anadutsa pamwamba pa fakitale, anakaboola mtambo womwe unagona pa Sapitwa, mvula n'kuyamba, iye n'kutsika nayo limodzi atanyowa, akuitana mayi ake m'Chingerezi. Mukumva, a Likaka?

Ndinakunga chakumanja kuti ndimalize. Pomwepo, ngwee!

Tsono apa mumvetsetse. Belu la nkhonya analibe, ndiye anabwereka chitsulo cha njanji chomwe ankatiimbira pa esiteti, woimbanso anali yemwe uja wa masiku onse, mlonda wathu Mulimba. Munthu wa pa esiteti chitsulo chimenecho chikalira, ngakhale tsamba likhale kale m'zala umalisiya, ntchito yatha basi. Ndinamasula masaka aja, ndinawombera bwana m'manja, ulendo wa ku layini, kunyumba zathu antchito, kukasamba. Anthu ankakuwa m'mbuyomu, ine n'kumabayibitsa, ndimvekere akundichemerera. Anandiuza ndani kuti nkhonya za ku Amereka amapumira pakati ngati ana asukulu?

Anati ndathawa. Anakweza dzanja la munthu woti akumuchirikiza uku ndi uku ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko, ndipo ndimamva kuti kwawoko mbiri yake imati sanagonjepo. Njinga ija bwana anapatsa mlendoyo, iye n'kuipereka kwa Mulimba pothokoza kuti wamupulumutsa. Mwezi usanathe ndinakumana nayo pamsewu wa ku Thuchila, Mulimba akupalasa, Esinati ali pakaliyala atamugwira m'chiuno. Zinandiwawa, ndisaname, mpaka lero zimandiwawa.

Sekani, a Likaka, sekani ndithu mano onsewo aoneke. Koma mukamakauza anthu, mukanene zoona. Ine sindinagwe, ndipo sindinathawe. Ndinaweruka.