Aphungu M'manda a Apongozi

Mpaka lero kwathu ku Simlemba, m'boma la Kasungu, kukagwa maliro, adzukulu anzanga amayamba andipisa m'matumba ndisanagwire khasu. Iwo amachita moseka, koma ine sindiseka nawo. Ndikuuzani chifukwa chake, ngakhale nkhaniyi imandiyabwa ndikamaikamba.

Ine ndili ndi nthenda imodzi, Nyumba ya Malamulo. Anzanga amadwala mpira, ena bawo, ena kachasu. Ine aphungu akangoyamba kukumana ku Lilongwe, khutu langa limamera pa wailesi. Sukulu ndinalekeza folomu thuu, koma kachizungu kotsalako kamandikwanira kudziwa kuti amene waimirirayu ndi wa boma, uyu ndi wotsutsa, uyu wangodzidzimuka kutulo. (Mayi a kunyumba amati ndikanakhala ndi khama lomwelo posoka fodya, bwenzi tikugona m'nyumba ya malata.)

Chaka chimenecho kunamveka kuti kukubwera bilu yokhudza ulimi wa fodya ndi matenanti, mabanja aja ochokera maboma ena amene amalima pa minda ya eni. Sabata yathunthu ndinailalikira nkhaniyi pa chigafa, pa chigayo, ngakhale panja pa tchalitchi, kuti Lachinayi masana ndiye tsiku lake, amene ali ndi makutu adzamve. Ndiye Lachiwiri a Zefaniya, malume awo a mayi a kunyumba, anagwa m'chigafa mwawo akupachika fodya, osadzukanso. Achibale akutali anachedwa kufika. Tsiku loika linagwera Lachinayi masana.

Ine pamudzi paja ndine mkamwini, ndipo mkamwini pa maliro safunsidwa ngati ali ndi nthawi. Khasu ndi lake, dzenje ndi lake. Komanso mukudziwa kuti pamudzi pakakhala zovuta palibe wopita kumunda, palibe wotsegula wailesi. Ndinalingalira m'mawa wonse, kenaka Satana anandipatsa nzeru. Ndinali ndi kawailesi kakang'ono ngati sopo wosambira, kokhala ndi kachingwe komvera m'khutu. Ndinakaika m'thumba la malaya, chingwe n'kuchidutsitsa m'kolala, khutu n'kuliphimba ndi chisoti cha ulusi. Ndinadziyang'ana pa galasi n'kudziuza kuti nzeru zoterezi zimangowonongeka kumudzi.

Manda athu ali m'kankhalango pakati pa minda. Kuzungulira konseko ndi chidikha cha fodya chokhachokha mpaka kumene maso alekeza, poti mitengo ina yonse inathera m'zigafa. Yotsala ndi ya kumandako basi, ikuluikulu, yakuda, yoti nkhwangwa sinaikhudzepo. Mukalowamo mumazizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Tsiku limenelo dzuwalo kunalibe. Mitambo inatsika ngati ikufuna kugwira nsonga za mitengo, mvula osagwa, mphepo osawomba, ndipo sindikumbukira kuti ndinamva mbalame.

Pokumba tinalipo asanu ndi atatu. Mmodzi anali a Likaka, tenanti wa malemuwo wochokera ku Phalombe, munthu wofatsa woti moni wake umachita kutchera khutu. Palibe anawaitana, anangobwera ndi khasu lawo. Koma anthu ankawayang'ana cham'mbali, chifukwa nthawi ya nazale ng'ombe za a Zefaniya zinapondaponda mbande zawo, ndipo pokangana a Likaka ananena kuti Mulungu akuona. Mawu amenewo anthu anawasunga. Munthu akagwa mwadzidzidzi, kwathu kuno mawu osungidwa amatuluka.

Tinakumba, n'kubowola kachipinda ka m'mbali kolowetsamo bokosi monga timachitira. Pamene nyimbo za Amvano zinkamveka kuti maliro anyamuka kumudzi, m'khutu mwanga Sipikala anali akuitana nduna kuti iwerenge bilu ija. Mtima wanga unagunda, osati ndi chisoni ayi, Mulungu andikhululukire. Anthu ankandiona nditazyolika, nkhope ili gwa, n'kumati mkamwini uyu amawakonda apongozi ake.

Olandira bokosi pansi amafunika awiri. Anasankha ine ndi mnzanga wina. Tinatsika, tinalandira, tinayamba kulikankhira m'kachipinda kaja. Bokosi linali lolemera, dothi loterera, ndiye ndinagwada n'kulowetsa mutu ndi mapewa momwemo kuti ndiliwongole. M'khutu munangoti zii. Ndinaganiza kuti ndi dzenje latchinga mawu. Amvano pamwamba anali atakweza nyimbo, moti china chilichonse sichinkamveka. Tinatseka kachipindako ndi mitengo ndi mphasa, anatikoka, tinatuluka. Nditaimirira pa mulu wa dothi ndinagwira thumba la malaya. Munalibe kanthu.

Amene munagwiritsapo tiwailesi timeneti mukudziwa chimene chimachitika chingwe chikazuka. Mawu sasiya. Amangosamukira kunja.

Nyimbo inatha. Mkulu wa mpingo anakweza dzanja kuti tiweramitse mitu, apemphere tisanakwirire. Anthu mazanamazana amene anabwerawo anangoti chete. Ndipo m'bata limenelo, pansi pa mapazi athu, munthu anakhosomola.

Mkulu wa mpingo anatsegula diso limodzi. Kenaka mawu anayamba, a mwamuna, okhuthala, otsamwa ndi dothi, akumveka n'kuzimirira, kumveka n'kuzimirira. Ankalankhula Chizungu. Tsono a Zefaniya moyo wawo wonse Chizungu sanachidziwe, ku okushoni ankasaina ndi chala. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti imeneyo ndi nduna, koma ndikuuzeni zoona, thupi langa lonse linachita tsemwe. Mawu a munthu akamatuluka m'manda, ngakhale mwini wailesi umafuna kuthawa.

Zikanathera pomwepo mwina anthu akanati ndi makutu awo. Koma nduna ija iyenera kuti inanena china chowawa, chifukwa mbali yotsutsa inadzuka yonse. M'dzenjemo munabuka chiphokoso cha anthu ambirimbiri, ena kukuwa, ena kuwowoza, ena kumenya matebulo, gu gu gu, ngati akugogoda bokosi cham'kati. Mayi wina anakuwa kuti amanda onse adzuka kudzamulandira. Apo ndiye panalibenso wogwira mnzake. Amvano anathawa mipango ili m'manja, nkhata za maluwa zinapondedwa, wonyamula mtanda anautaya n'kulowa m'fodya wa eni ake. Mkulu wa mpingo sanathawe, koma ndikukhulupirira kuti ndi miyendo inakana.

Otsala tinalipo mwina makumi atatu, titaima patali, tikusuzumira. Apa ndiye pamene munthu wanzeru akananena kuti pepani, ndi wailesi yanga. Ine ndinayeza kaye. Mkamwini, wailesi, pa maliro a apongozi, m'kati mwa manda. Ndinaona akundimangira katundu wanga m'thumba la feteleza. Ndinatseka pakamwa n'kuyamba kupemphera kuti mabatire athe. (Ndinali nditagula atsopano dzulo lake, a mtengo wapatali, dala kuti asandikhumudwitse.)

Phokoso linatsika, Sipikala atawakalipira, ndipo phungu wina anayamba kulankhula pang'onopang'ono. Chizungu chonsecho anthu sankachimva, koma mawu awiri sanafune womasulira. Anatchula Kasungu. Kenaka anatchula tenanti, n'kubwereza, n'kubwerezanso.

Mitu yonse inatembenukira kwa a Likaka.

Iwo anali ataima potero ndi khasu lawo. Mphwawo wa malemu, a Yobe, anayenda n'kuwagwira pakhosi pa malaya. Ananena kuti wakufa sanama, watchula yekha amene wamudya. Achibale ena anathamangira, wina anawalanda khasu, wina anawamenya khofi mpaka mlomo unang'ambika. A Likaka sanabwezere, ankangoti sakudziwa kanthu, sakudziwa kanthu. Akazi awo anadzigwetsa pansi ndi mwana kumsana akulira m'chilankhulo chakwawo. Ena ankati atsitsidwe m'dzenjemo akawatontholetse okha anthu awowo. Ena anali atayamba kale kufunsana kuti ndani ali ndi machesi, poti tinyumba ta matenanti ndi ta udzu.

Ndikanakonda kukuuzani kuti chikumbumtima chinandigwira. Bodza. Ndinaima pomwepo ndikuona munthu akukhwekhwerezedwa kupita kudzenje chifukwa cha ine, ndipo m'mutu mwanga ndinkati mwina angomuopseza chabe. Chimene chinandigwira ndi dzanja la mayi a kunyumba. Sindinawaone akubwera. Anangogwira kachingwe kamene kankalendewera pa kolala panga, n'kukakoka pang'onopang'ono mpaka kansonga kake kanatuluka kopanda kanthu. Anandiyang'ana.

"Bambo a Tadala," anatero motsitsa, "munena nokha, kapena ndinene ine?"

Ndinanena ndekha. Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwanapiye, moti ndinachita kubwereza katatu a Yobe asanamve. Ndinavula chisoti, ndinaonetsa chingwe, ndinafotokoza za bilu (taonani uchitsiru, ndinayambadi kufotokoza za bilu) mpaka wina anandiuza kuti nditseke pakamwa. Manja amene anagwira a Likaka anamasuka limodzilimodzi. Palibe anapepesa. Aliyense anapeza poyang'ana pena.

Tsono panabuka mlandu wina. Kachipinda kakatsekedwa sikatsegulidwanso, ndi mwambo. Koma kukwirira munthu pamodzi ndi aphungu akukangana, nakonso ndani akanagona m'mudzimo? Amuna anatsutsana, uyu izi, uyu izo, pansipo nawo akutsutsana. Anadula nkhani ndi namfedwa, apongozi aakazi a Nabanda, amene nthawi yonseyi anali atakhala pa mphasa pansi pa mtengo, osathawa. Ananena kuti amene analowetsa alendowo m'nyumba ya amuna awo atsike akawakhalitse chete. Koma chinthucho chisatuluke, poti cholowa m'menemo ndi cha mwini nyumba.

Ananditsitsa ndekha. Sindidzaiwala kuzizira kwa m'menemo. Kumwamba kunkaoneka kachidutswa ka mitambo ndi mitu ya anthu itazungulira, yakuda, yosaoneka nkhope. Ndinasolola mitengo iwiri, ndinapinda mphasa, ndinalowetsa mkono mumdima. Tsaya langa linagunda bokosi, ndipo mawu aja ankanjenjemeretsa thabwa, moti ndinkawamva ndi fupa la nsagwada. Ndinati pepani apongozi, pepani apongozi, ndikupapasa, mpaka zala zinakhudza kawailesi kumutu kwenikweni.

Nditakatulutsa, chala chili kale pozimitsira, wina anandiitana pamwamba. Anali a Likaka. Anagwada m'mphepete mwa dzenje, malaya ong'ambika, magazi atauma pachibwano. Ndinadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanalandira ndi manja awiri.

"Achimwene," anatero, "poti inu mumamva Chizungu, musanatseke. Akuti chiyani za ife?"

Ndinaika kawailesi kukhutu. Ndinamvetsera ndithu, ndi mtima wonse, kuti ndipeze kanthu kamodzi kowapatsa. Koma za fodya zinali zitadutsa pamene ife tinkakokana. Phungu wina anali akupempha mlatho kwawo. Ngati bilu ija inavomerezedwa, inakanidwa, kapena anaisunga kuti adzaionenso, amene anamva zonse anali a Zefaniya okha.

"Alowa nkhani ina," ndinatero.

A Likaka anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene amayembekezera. Anadzuka, anatola khasu lawo pamene linatayidwa, n'kuima kudikira kuti tiyambe kukwirira. Ndinazimitsa kawailesi, ndinakabwezera kumutu kwa apongozi, ndinatseka. Ndipo anakwirira nafe mpaka mtumbira unatha.

Ine sanandithamangitse pamudzi. Ndinapereka mbuzi, ndinakhala miyezi ingapo ndikudya maso ali pansi, kenaka nkhani inasanduka nthabwala, ndipo mkamwini wa nthabwala amakhala bwino. A Likaka ndiye sanakhale bwino. Aliyense ankadziwa kuti inali wailesi, komabe amayi anasiya kubwereka mchere kwa akazi awo, ndipo ena ankati inde inali wailesi, nanga inatchuliranji tenanti pa nthawi yomweyo? Fodya atangotha kugulitsidwa ndinawaona a Likaka pa msewu akudikira lole, mabanja atatu a matenanti a pa munda wa malemuwo atatsala awiri. Ndinapita kukapepesa bwinobwino, mawu nditawakonza kale. Anandigwira chanza n'kunena kuti palibe kanthu. Ndikanakonda akanandimenya.

Nthenda ija sinathe, ndisakunamizeni. Ndinagula wailesi ina, ndipo aphungu akakumana ndimamvetserabe, ndekha m'chigafa. Kungoti akayamba kumenya matebulo ndimatsitsa mawu, chifukwa ndimamva fungo la dothi lonyowa. Ndipo wina akaimirira n'kuyamba kulankhula mokoma zoteteza anthu osauka, sindiwombanso m'manja monga kale. Ndimamudziwa munthu wotere. Anailalikira bilu ya matenanti sabata yathunthu, ndipo tenanti akumenyedwa pamaso pake, iye anali kupempherera mabatire.