Makina Ounikira Mabere ndi Mafuta a Wapampando

Lolemba, pa 3 Marichi, m'mudzi wina umene dzina lake sitilitchula, munafika mphatso ziwiri: makina ounikira m'kati mwa mabere, ndi njinga yamoto yonyamulira zokayezetsa ku chipatala chachikulu. Dzuwa lisanapendeke, anthu anali atasankha kale Komiti Yolandira, Yosunga ndi Yolemekeza Mphatso, ndipo Wapampando wake Wamkulu anali a Gelesomu Kapalamula. Komitiyo inafunditsa makinawo chitenje, n'kumangira riboni makinawo ndi njinga yomwe.

Sabata yomweyo Nangondo, mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika, anamva kanthu kolimba ngati nzama m'bere lake lamanzere. Anapita kwa namwino wa pachipatala cha m'mudzimo, Sisita Mtambalika.

"Tiunike kaye ndi makinawa," anatero Sisita. "Chotupa chikaoneka, tilowetsa kasingano, titape timadzi take, akatiyeze ku labu. Ndi pamene tidziwe ngati ndi khansa kapena ayi."

"Ndiye tiyeni, ndavula kale," anayankha Nangondo.

Koma kiyi wa chipinda cha makinawo anali m'thumba la a Kapalamula.

"Mayi, makina osatseguliridwa saona," iwo anafotokoza modekha. "Akaona chinthu Mlendo Wolemekezeka asanadule riboni, chinthucho m'malamulo kulibe."

"Nanga changachi chikukula popanda chilolezo, bambo?"

"Tichilemba m'minitsi."

Anachilembadi. Mwambo wa pa 14 Epulo unalephereka chifukwa Mlendo anali ku maliro. Wa pa 2 Juni unalephereka chifukwa kwaya inalibe yunifolomu. Mu Ogasiti komiti inakagona masiku atatu ku boma, kuphunzira kadulidwe ka riboni, ndipo inabwerako masaya akuwala. Pamenepo nzama ya Nangondo inali itafika pa dzira la nkhunda.

Lachinayi, pa 9 Okutobala, patatha masiku 220, Mlendo anatumiza Wachiwiri kwa Womuimirira, amene anadula riboni ya makina n'kuthamangira kwina. Ya njinga anati idikire chaka chamawa. Nangondo anali woyamba pamzere, koma a Kapalamula anamuimika ndi dzanja.

"Mwambo umati wamkulu ndiye amalawa. Kodi amuna mabere tilibe?"

"Muli nawo, a Wapampando, ndipo anu si ochepa," anatero Sisita. "Vulani malaya."

Anawapaka mafuta ozizira pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo, maso ali pa galasi. Kenaka dzanja lake linaima.

"Pali chotupa apa."

A Kapalamula anapempha madzi akumwa. Kasingano kataonekera, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ulemu umafuna amayi atsogole. Nangondo anaunikidwa, nabayidwa osaphethira, n'kubwerera kudzawagwira dzanja a Wapampando pamene iwo ankabayidwa, akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale.

"Zotsatira zibwera liti?" anafunsa a Kapalamula.

"Timadziti tikuyenera kupita lero," anayankha Sisita. "Koma njinga sinatseguliridwe."

"Musade nkhawa, bambo," anatero Nangondo. "Tichilemba m'minitsi."

Amene analipo akuchitira umboni kuti a Kapalamula anatuluka panja opanda malaya, nadula riboni ya njingayo ndi mano. Mwambo wonse, kuphatikizapo pemphero, unatenga mphindi zinayi. Timabotolo tiwiri tinapita m'bokosi limodzi.

Zotsatira zinafika pa 23 Okutobala. Chotupa cha Nangondo chinali khansa yongoyamba kumene, ndipo madokotala anachichotsa pa 6 Novembala. Anamuuza kuti akanadikira mwambo wa njinga, nkhani ikanakhala ina. Lero akukazinga zitumbuwa pamalo ake akale.

Cha a Kapalamula chinali mafuta chabe, amene Sisita akuti mwina anayamba kuunjikana m'masiku atatu a ku boma aja.

Pa msonkhano wa pa 1 Disembala komiti inagwirizana kuthokoza onse amene anapulumutsa moyo wa Nangondo. Mlembi, munthu wosakonda kunama, anafufuza m'minitsi yonse ya miyezi isanu ndi inayi kuti apeze membala woyenera ulemuwo. Pamapeto pake analemba mzere umodzi: "Komiti ikuthokoza mafuta a Wapampando."