Nkhondo ya Kaputeni Pamsana pa Bulu

Lefteris ankapaka njereza makwerero a pakhomo pake pamene Babis anatulukira ali wefuwefu, mimba patsogolo, mwini wake pambuyo.

"Siya zimenezo, Nangula! Padoko pafika bwana wa ku Atene, akugula zithunzi zakale za nkhondo zapanyanja. Kazembe akutiitana."

Anthu ankamutcha Lefteris kuti Nangula chifukwa akakhala pamalo sankasuntha. Tsikulo anasuntha, Mulungu amuchitire chifundo.

Kazembe, dzina lake lenileni Thanasis, anali m'bala ya padoko atakumbatira botolo la mowa wa uzo. Ku usilikali anam'thamangitsa atangotha milungu itatu, koma ndevu zake zinali za munthu wopambana nkhondo ziwiri.

"Amwene, dilu ndi iyi," anatero Kazembe. "Kaputeni Nikolas ali ndi zithunzi khumi ndi zinayi. Ife tikufuna chachikulu chija, zombo zamatanga zikulavulirana mizinga, china chikuyaka moto."

Lefteris anatsamwa. Kaputeni Nikolas ndiye anamunyamula pa ubatizo. Ndipo mlongo wa Kaputeni, Mayi Marigo, Lamulungu lililonse ankamuikira mbale ya nyemba pawindo n'kuchoka mwakachetechete, kuti asachite manyazi.

"Akulu, nyumba imeneyo imandidyetsa."

"Tikukaba nyemba ngati? Madala aja ali ndi nkhondo khumi ndi zinayi. Imodzi ikachoka, umenewo ndi mtendere. Si zomwe wansembe amapempherera?"

Babis anaseka mpaka tebulo linagwedezeka. Mawa lake linali tsiku la Nikolas Woyera, mtetezi wa amalinyero. Chilumba chonse chikhala kutchalitchi, ndipo munthu satseka chitseko pa tsiku la woyera wa dzina lake. Vuto linali mayendedwe, poti kwathu kuno galimoto kulibe. Firiji, mkwatibwi, bokosi la maliro, zonse zimakwera bulu.

"Bulu ndi ntchito yako, Chimimba," Kazembe anauza Babis. "Ine ndabweretsa nzeru."

M'mawa belu la tchalitchi litalira analowera chitseko chakuseri kwa nyumba ya Kaputeni. Lefteris anaona kanyale ka patsogolo pa chithunzi cha woyera kakuzilala, ndipo anathiramo mafuta.

"Iwe, tabwera kudzaba kapena kudzatumikira guwa?" Kazembe ananong'oneza. "Gwira uko!"

Chithunzicho chinali chachikulu ngati chitseko. Anachimangirira chogona pamsana pa bulu n'kuchiphimba ndi nsalu ya patebulo. Buluyo anali Kontesa, yemwe Babis anamumasula kuseri kwa nyumba ya wophika buledi.

"Wasankha bwino," anatero Kazembe. "Akuoneka wanzeru."

Apa pokha ananena zoona.

Anatsika bwinobwino mpaka pamphambano. Njira yamanzere imapita kudoko. Yamanja imakwera mozungulira phiri. Belu la masana linalira, Kontesa anaimika makutu, n'kukhotera kumanja.

"Kumanzere, mfiti iwe!"

Zaka khumi ndi chimodzi, belu limeneli likalira, Kontesa ankapita yekha ndi buledi kukhomo lakumaso kwa Kaputeni, kumene Mayi Marigo ankamupatsa kachibulumwa ka shuga. Chilumba chonse chinkadziwa zimenezi. Babis anangokonda kuti buluyo anali pafupi.

Kanjirako kanali kopanikiza, chithunzi chikukhula makoma mbali zonse ziwiri. Kumutembenuza bulu kunali kosatheka, kumudutsa kosatheka. Kazembe anakoka mchira, chiboda chinamupeza pabondo. Babis anamulonjeza Kontesa thumba la balere, kenako ukwati.

"Tithawe!" anatero Lefteris.

Atacheuka anaona mpingo wonse ukukwera kanjira komweko kukafunira Kaputeni mafuno abwino. Wansembe patsogolo, Sajeni Manthos wapolisi pambali pake. Kutsogolo bulu, kumbuyo Akhristu.

"Yendani mwaulemu," Kazembe anatero akutsimphina. "Tioneke ngati tikutsogolera."

Anafika choncho, ngati mdipiti. Eni nyumba anali atabwerera kale kudzera njira yakumtunda. Kaputeni anaima pakhonde, nkhope ili ngati wa kumaliro, poti khoma analipeza lambulanda. Kontesa anaima, anadzikutumula, nsalu inagwa. Mizinga yonse inaonekera padzuwa.

"Tinakachiombetsa mphepo, Kaputeni," anatero Kazembe. "Zombo zamatanga zimafuna mphepo."

Kaputeni anasisita ngodya yokalika ya chithunzi chake. "Zombo izi zinapirira moto wa adani. Sindinkadziwa kuti zidzakweranso bulu."

Sajeni Manthos anayamba kupapasa unyolo m'thumba, koma Mayi Marigo anamuletsa ndi dzanja. Pa tsiku lotere aliyense wofika pakhomo ndi mlendo, ndipo mlendo sachoka asanalawe kanthu. Anayamba ndi Kontesa, kachibulumwa kake ka shuga. Kenako anazungulira ndi mbale ya makeke a amondi. Babis anatenga atatu, akuti kundende kulibe. Kazembe anafunsa ngati pali uzo.

Atafika pa Lefteris, mayiyo anaima.

"Kanyale kanga ndinakasiya kopanda mafuta," anatero motsitsa mawu. "Ndakapeza kakuyaka. Tenga keke, mwanawe."

Nangula anamira pomwepo, mawondo onse awiri pamiyala, pamaso pa wansembe, sajeni ndi bulu.

"Mayi, Kaputeni, ndikhululukireni! Bulu wakumbukira shuga, ine ndaiwala nyemba za zaka zonsezi. Ndikhululukireni!"