Pangano Langa ndi Abiti Saidi pa Msika wa ku Nkopola

Lolemba
Nkhondo yatha! Ine ndi Abiti Saidi, mnzanga wa kaunjika amene takhala tikulandana makasitomala chaka chonse, tagwirizana. Ku Nkopola, kumene antchito a m'maloji amagula osanenerera, tizipitako mosinthana: lero ine, mawa iwo. Winayo aziwoloka mlatho kupita ku Lungwena. Tikayala msika umodzi mitengo imagwa, tonse timabwerako manja lende. Iwo alumbira "Wallahi", ine ndagwira kamtanda ka m'khosi. Lero ndili ndekha. Mpaka jekete long'ambika m'khwapa lagulidwa!

Lachiwiri
Tsiku lawo. Ine ku Lungwena, fumbi lokhalokha. Anthu akungoyeza zovala n'kubweza. Palibe kanthu, ndine munthu wosunga mawu.

Lachitatu
Ndikufika ku Nkopola, Abiti Saidi ayala kale! Pansi pa mtengo wa mthunzi pamene ndimayala ine! Akuti, "Pepani achemwali, a m'malojiwa alandira kumene. Lero lokha." Lero lokha! Nanga Wallahi uja? Atsitsa mtengo wa masiketi, ine ndatsitsa kuposa iwo, iwo atsitsanso. Mayi wina wanyamula diresi la paukwati pa mtengo wa mulu wa tomato. Akuseka mpaka kumsewu.

Lachinayi
Tsiku lawo, koma ndabwera. Wokuponda chala umamupondako kamodzi kuti amve kuwawa, kenako mumayambiranso bwinobwino. Ndawauza choncho mwaulemu. Akukuwa kuti wophwanya pangano ndine. Ine!
Zotayika lero:
malaya asukulu, pafupifupi ulere
mawu anga, asasa
ulemu wanga, pamaso pa mayi abusa amene amadzagula nsalu ya pawindo.

Lachisanu
Ndadzuka ndi mtima wokhululuka. Tsiku ndi langa, koma ndawasiyira Nkopola. Ndikutsitsa belo ku Lungwena, uyo ndani? Abiti Saidi! Nawonso akuti andisiyira Nkopola kuti mtima wanga utsike. Tangoyang'anana kukamwa yasa. Pofika masana anthu apita kumzikiti, tatsala ife ndi mbuzi. Mbuziyo yatafuna lamba.

Loweruka
Tonse ku Nkopola, aliyense akuganiza kuti mnzake sabwera. Pansi pa mtengo paja pali lona latsopano! Mkazi wa msilikali, wa ku Ntcheu, belo lotsegula kumene, zovala pamahang'ala ngati m'shopu. Akuti, "Dzulo ndinapeza palibe munthu, ndiye ndangoyamba." Wangoyamba! Makasitomala athu akumutchula kale kuti asisi. Abiti Saidi angokhala pa belo lawo osalimasula.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi, mkazi wa msilikali uja wandikokera pambali. Akuti tigwirizane awiri, Abiti Saidi atope achoke. Ndavomera. Ndikufika kunyumba, Abiti Saidi ali pakhonde ndi nthochi. Akuti tigwirizane awiri, mlendoyo atope achoke. Ndavomeranso. Nthochizo n'zofanana ndi zimene ndaona m'jumbo mwa mkazi wa msilikali, koma sindinafunse.

Basi, ndatopa. Nkopola atenge, Lungwena atenge. Mawa ndikupita ku Nkope, kumene kulibe wondidziwa, ndipo sindinauze munthu aliyense. Ndangopita kwa wanjinga yamoto kuti adzanditenge m'mawa ndi belo langa.

Wandiyang'ana, wakanda mutu. Akuti, "Amayi, ku Nkope kwagwa chiyani? Ndinu achitatu lero."