Mbewu ya Agogo M'munda wa Eni

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma kudambo la kuseri kwa Unit D palibe amene saidziwa. Mpaka lero ndikatulukira ndi khasu paphewa, pali amayi ena amene amayamba kutsokomola dala kuti ndisamve kuti akuseka. Ndiye ndati ndiinene ndekha, chifukwa akainena iwowo amathira mchere wambiri.

Agogo anga aamuna, a Mbewe, anamwalira mwezi wa Julayi, m'zaka zija tinkagula buledi ndi dola ya ku Amerika n'kupatsidwa chenji cha masiwiti. Zaka zawo palibe ankazidziwa bwinobwino. Eni ake ankati anabadwa chaka cha dzombe, koma poti dzombe linabwera kangapo, tinkangoti anapitirira makumi asanu ndi anayi. Anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, n'kukagwira ntchito pafamu ya fodya cha ku Bindura mpaka mutu wonse unayera. Za pafamu zitatha anabwera kudzakhala nafe kuno ku Chitungwiza atanyamula bulangete, khasu, ndi botolo la chimanga cha mbewu chothira phulusa kuti chisafumbwe. Chinali chimanga chamakolo, cha njere zolimba, zina zoyera zina zofiirira ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Ankati anachoka nacho kumudzi m'thumba la kabudula, ndipo palibe chaka chimene analephera kuchidzala.

Ndikuti anabwera kudzakhala nafe, koma "ife" ameneyo sanachedwe kutha. Amayi anamwalira, mlongo wanga anapita ku Joni, tinatsala awiri m'zipinda ziwiri. Ine ntchito yanga ndi yometa anthu m'kachisakasa ku Zengeza 1. Manja angawa amadziwa mutu wa munthu, za nthaka ayi.

Dzinja lililonse m'mawa agogo ankaima pakhomo, khasu lili kale paphewa.

"Mdzukulu, tiye ukaone munda."

"Mawa, agogo. Lero kuli makasitomala."

(Makasitomala ake ati Lachiwiri m'mawa? Ndinkangokakhala pabenchi n'kumapirikitsa ntchentche.) Iwo sankakwiya. Ankangoti "chabwino" n'kumapita, ndipo tinachita zimenezi zaka zisanu ndi zinayi.

Atamwalira, nyumba inakula. Ndinkabwera kuchokera kometa n'kupeza zii, wondifunsa kuti kwacha bwanji kunjako palibe. Chichewa changa chinasowa wochilankhula naye. Mlongo wanga akaimba foni ine ndinkayankhula Chichewa, iye n'kumayankha Chishona, ndipo tisanafike pena paliponse ankati ali pantchito. Ndinawasowa agogo koopsa, ndipo ndinalibe womuuza.

Tsiku lina mu Okutobala ndikusesa ndinapeza botolo lija kunsi kwa bedi, lodzaza mpaka m'khosi. Ndinakhala nalo pansi nthawi yaitali. Chimanga chimene chinayenda wapansi kuchokera ku Ntcheu, n'kupirira pafamu zaka zonsezo, chithere kunsi kwa bedi m'manja mwa wometa? Ndinalumbira kuti chaka chimenecho ndichidzala m'munda wa agogo.

Vuto linali limodzi lokha. Munda wa agogowo sindinkaudziwa.

Ndinkadziwa kuti uli kudambo, koma dambo limenelo ndi timinda tambirimbiri togundanagundana, malire ake mwala apa, tayala lakutha apo, kansanza pamtengo uko. Munthu wanzeru akanafunsa. Koma ndikanayamba bwanji? Ndikaime pakati pa anthu n'kunena kuti pepani, ndakhala ndi nkhalamba ija zaka zisanu ndi zinayi, kodi inkalima pati? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadya ndi supuni.

M'malo mofunsa ndinagwiritsa ntchito nzeru zanga, ndipo ndinadziona ngati wapolisi wofufuza milandu. Anthu ambiri kuno amangokumba mapando pamalo osalala n'kuponya mbewu. Agogo ankaziseka zimenezo, ankati ndi kulima kwa nkhuku. Iwo ankaunga mizere, italiitali, yokwera bwino, monga amalimira kwawo ku Ntcheu. Ndiye ndinati basi, pamene ndipeze mizere ndi pomwepo.

Sindinayende nthawi yaitali. Nditangolowa m'dambo, pafupi ndi chulu, ndinaona mizere yakale yoongoka ngati yoyezera chingwe, pamwamba pali mapesi ouma, osalimidwa. Dzanja la agogo ndinalizindikira pomwepo. Ndinagwada (inde, ndinagwada, masana dzuwa likuswa mtengo) n'kunena mokweza kuti, "Agogo, ndabwera." Misozi inatuluka yeniyeni.

Ndinalima masiku anayi. Tsiku loyamba matuza, lachiwiri matuzawo anaphulika, lachitatu ndinkagwira makina ometera ngati ndagwira khala la moto, moti bambo wina anachoka ndi mutu wokhala ndi njira pakati. Anthu odutsa kudambo ankaima n'kumandiyang'ana, ena n'kumanong'onezana. Ine ndinkati akusirira mdzukulu wolemekeza agogo ake, ndipo ndinkawonjezera mphamvu pakhasu kuti aone bwino.

Mvula yeniyeni itagwa mu Novembala ndinadzala. Ndinadzala chonse, botolo lonse, mpaka kuligogoda kumbuyo kuti njere yomaliza igwe. (Agogo sankatero. Nthawi zonse ankasiyako china, kuopa kuti mvula ingawanamize. Izi ndinazikumbukira mochedwa.) Patatha sabata chinamera, mizere yonse biriwiri. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndapitako ndisanapite kometa, n'kumayankhula nacho Chichewa. Kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro ndinkadzuka ndili ndi kopita.

Loweruka lina ndikutulukira pachulu paja ndinaona gogo wina atawerama m'munda mwanga, akuzula chimanga changa chimodzichimodzi n'kumaunjika pambali. Anali atatsala ndi mzere umodzi wokha, nawonso ali pakati.

Ndinataya khasu n'kuthamanga ndikukuwa m'Chishona kuti dambo lonse limve. "Mbavha! Mbavha! Wakuba!"

Dambo lonse linamvadi. Amayi a kudambo anasiya makasu, ena ana ali kumsana, n'kutizungulira. Gogo uja anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Iwe mukomana, mnyamata iwe, mbavha ndiani? Ndapita kwa mwana wanga ku Mutare miyezi iwiri ndi mwendo uwu, ndikubwera ndapeza munthu wadzala m'munda mwanga. Kuno ukasiya munthu akolole kamodzi, chaka chamawa akuti munda ndi wake. Ndikusiye?"

"Munda wanu uti?" ndinatero, chifuwa patsogolo. "Uwu ndi munda wa agogo anga, a Mbewe! Mizere iyi ndi dzanja lawo, ndikulidziwa ine!"

Gogo uja anasiya Chishona n'kulowa m'Chinyanja chawo cha ku Tete.

"A Mbewe? Ndiwe mdzukulu wa a Mbewe? Wometa uja?"

"Ndine amene," ndinayankha monyadira.

"Ooo. Wa mawamawa uja."

Kuseka kumene kunaphulika pamenepo sindidzakuiwala. Mayi wina anakhala pansi m'matope. Ndiye kuti dambo lonse linkandidziwa kalekale, nkhope yokha ndi imene linali lisanaizindikire.

Gogoyo, amene anthu ankawatchula kuti mbuya Naphiri, sanaseke nawo. "Mizere ndi ya a Mbewe, sunaname," anatero. "Chimwalirireni bambo a kunyumba kwanga, agogo ako ndi amene ankandiungira mizere chaka ndi chaka, osalandira ngakhale kapu ya madzi. Tadzutsa mutu uone uko."

Ndinadzutsa mutu. Kupitirira chulu kunali mizere. Kutsidya kwa ngalande, mizere. Munda wa mayi wokhala m'matope uja, mizere. Ena anawaungira, ena anawaphunzitsa, theka la dambo linali dzanja la agogo. Ine ndinangoima pa mizere yoyamba imene ndinaiona n'kugwadapo.

Mbuya Naphiri ananditsogolera akutsimphina, gulu lonse likutilondola ngati tikupita kukaona mkwatibwi. Munda wa agogo unali kumapeto kwenikweni, kamunda kakang'ono kuposa ena onse, udzu wofika m'chiuno. Anandiuza kuti poyamba unali waukulu, koma aliyense wobwera wopanda polima agogo ankamudulirako.

Manyazi aakulu anali asanathe. Ndinavula shati, n'kuwolera chimanga chozulidwa chija chimene chinali chitafota kale padzuwa, ndi kuthamanga nacho kukachiwokera pakati pa udzu, ndikukumba ndi manja, mimba ili pamtunda. Amayi aja ankandiuza kuti chimanga chikafota chotero sichidzukanso. Sindinamve. Ndinachithirira ndi chigubu masiku atatu, ndipo tsiku lachitatu chonse chinali chitauma ngati fodya. Mzere wotsala uja mbuya Naphiri anausiya, koma mbuzi za munthu wina zinaumaliza Lamulungu lomwelo.

Ndinakhala m'nyumba osapita kometa, botolo lopanda kanthu lili patebulo. Apa sipanalinso choseketsa. Njala, nkhondo ndi kusamuka zinalephera kuchitha chimanga chimenecho, ine ndinachitha m'mwezi umodzi. Ndinamva ngati ndawaikanso agogo kachiwiri, ulendo uno ndili ndekha kumanda.

Lachinayi ndinagula paketi ya shuga n'kufunsa njira ya kwa mbuya Naphiri (mwaona, kufunsa ndinali nditaphunzira) kuti ndikapepese powatchula wakuba. Anandilandira pakhonde, shuga analandira ndi manja awiri, kenako analowa m'nyumba. Potuluka anali ndi chitini. Atatsegula, ndinaona phulusa, ndipo m'phulusamo njere zolimba, zina zoyera zina zofiirira.

"Mbuya, ichi mwachitenga kuti?"

"Kwa agogo ako, kuti kwinanso? Chaka chilichonse akakolola ankatigawira. Ukayenda m'nyumba za anthu a kudambo, aliyense ali nacho. Amene analibe ndiwe wekha."

Ananditapira kapu imodzi n'kumanga pakansalu. Ndisananyamuke anandigwira mkono.

"Anandiuza kuti mdzukulu wawo akadzabwera ndidzamupatse. Ine ndinati, a Mbewe, mwana ameneyu adzabweradi? Iwo anaseka. Anati, abwera ndithu, kungoti munda ndi waung'ono, akudikira kuti ine ndichokemo kaye."

Ndinayenda mpaka kunyumba kansalu kali m'manja, osapereka moni kwa aliyense.

Ndinadzala mochedwa chaka chimenecho, ndipo zimene ndinakolola sizinadzaze ndowa. Koma theka la kapu ija ndinalisiya m'botolo, ndipo chiyambire pamenepo sindinalumphe chaka. Mizere yanga ndi yokhotakhota, amayi a kudambo amati imaoneka ngati yaledzera. Kufunsa ndimafunsa tsopano, mwina mopitiriza muyeso, moti mbuya Naphiri akandiona amayamba kudandaula mwendo. Chimene sindinaphunzire ndi kusiya kuwerengera mtunda. M'mawa wina ndinayang'ana nthawi pafoni potuluka pakhomo, n'kuyang'ananso nditafika kumunda, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kutero. Kuchokera pakhomo pamene agogo ankaima ndi khasu kukafika kumunda kwawo ndi mphindi khumi ndi ziwiri zokha, ukamayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba.