Timahedifoni Tanga M'khutu mwa Agogo

Agogo anga amva! Amva, anzanga, amva ndi khutu lawolawo, ndipo timahedifoni tanga tatsopano apita nato, sindidzatigwiranso mpaka ndidzakwatiwe. Ndayambira kumapeto dala chifukwa ndimakudziwani. Makamaka iwe Chisomo, ndikukuona uko ku Katlehong ukupotoza kamwa kuti Tadala wayambanso zake zija. Potoza. Amene akuti ndikunama abwere atatsuka m'makutu, ine mboni ndili nazo: amayi, denga lathu, ndi galu wa aneba amene mpaka pano sanatuluke pansi pa galimoto.

Mukudziwa timahedifoni tomwe ndakulira nato, ta patebulo pa renki ya mateksi, tolira khutu limodzi, toti upinde waya, upendeketse khosi ngati nkhuku ya chitopa kuti linalo lilireko. Ndiye dzulo amalume a Fanuel, aja amakonza mafoni m'kontena kuno ku Vosloorus, anafika ndi kabokosi koyera, akuti, "Mphwanga, wakhoza bwino kusukulu, landira. Iti si tapatebulo ayi." Topanda waya, tating'ono ngati nyemba ziwiri, kunsonga kuli timphira tofewa toti tikalowa m'khutu sitisiya mpata ngakhale wa mpweya.

Nditangotilowetsa, ndisanayatse n'komwe nyimbo, Vosloorus yense anazima ngati magetsi. Mukumva? Mateksi pamsewu ankangoyasamula mahutala popanda mawu, galu wa aneba ankatsegula kukamwa n'kutseka ngati akutafuna chingamu, ndege zija zimatsikira pamwamba pa nyumba yathu zinkadutsa monyang'ama ngati zavula nsapato, ndipo bata linakula mpaka ndinamva tsitsi langa likumera, lakumanja likupikisana ndi lakumanzere, ndinamvanso masamu onse a chaka chatha akusamuka m'mutu mwanga, akukoka masutikesi awo. Amayi akuti anandiitana mpaka mawu anasasa. Ine ndinangoona patapata ikuuluka mwakachetechete, yokongola ngati njiwa, mpaka inatera pamphumi panga.

Kenako ndinayatsa nyimbo ya kwaya ya kumudzi ija timayeserera kutchalitchi. Mayo ine! Nyimbo yoti ndaimvera kambirimbiri, koma ndinali ndisanaimvepo. Ndinamva munthu aliyense payekhapayekha, ndinamva kuti wa besi alibe dzino lakutsogolo chifukwa kamphepo kankatulukira pamenepo, woimba ng'oma anadya nyemba zosapsa, mayi wina wa alito chitenje chikumumasuka ndipo wachipanikiza ndi chigongono, kumbuyo kwenikweni kuli mtsikana amene sakuimba n'komwe, akungoyendetsa milomo ngati mmene umachitira iwe Chisomo, ndipo milomoyo ndinaimva ikugundana, ndiye pamwamba pa onsewo panadutsa ntchentche, yaikazi, yotsimphina mwendo wakumbuyo. Ndikulumbira! Besi itagunda, malata a denga lathu anadzuka n'kukhalanso pansi, chulu chachikasu cha mgodi chija cha ku Brakpan chinafupika pang'ono, ndipo nsapato zanga za sukulu zinatuluka zokha pansi pa bedi n'kuyamba kuponda sitepe.

Tsopano za agogo. Kwa inu amene simunafikepo kwathu, agogo anga a Chisale ndi bambo a amayi. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzakumba golide kuno ku Joni, iwo anatuluka mumgodi koma makutu anatsala pansi, anadyedwa ndi makina obowolera miyala. Ugonthi wawo si wamasewera. Tsiku lina mphenzi inang'amba mtengo wa mapichesi pabwalo pathu, mbale zonse zinagwa m'kabati, iwo n'kutembenukira kukhomo mwaulemu, akuti, "Lowani."

Koma kuvomera kuti samva, ayi ndithu. Kumudzi kunatsala mlongo wawo mmodzi yekha, agogo a Nachisale, amene amajambula mawu n'kutumiza pafoni ya amayi. Agogo anga amatenga foniyo, kulowa nayo kuchipinda, kutseka chitseko, kuiika pakhutu n'kumagwedeza mutu, ngakhale mawuwo atatha kalekale. Ukati uwafotokozere mokuwa amakwiya, akuti mawu a mlongo wawo sadutsa m'kamwa mwa mwana. Ndiye amadina okha pojambulira mawu n'kuyankha zomwezomwezo: tili bwino, tathokoza, pitirizani choncho. Mwezi watha agogo a Nachisale anatumiza mawu akulira, kuti mvula yagwetsa khoma la nyumba yawo ndipo akugona m'khitchini pamodzi ndi nkhuku. Agogo anga anayankha mwansangala, "Tathokoza kwambiri, pitirizani choncho."

Musaseke. Ine ndinaseka, koma amayi analira. Anaimba foni kumudzi kuti afotokoze, koma agogo a Nachisale sanafune kumva, akuti munthu wogontha amanena yekha kuti ndagontha, uyu ndi mtchona basi, Joni inamudya mtima. Anasiya kutumiza mawu. Kenako sabata yatha kunabwera mawu otsiriza. Anangoti, "Ngati ndikadali ndi mlongo, avomere," n'kuyamba kuimba. Ndi kanyimbo kamene anapeka awiriwo ali ana, akuingitsa mbalame m'munda wa mapira, kosadziwika ndi wina aliyense padziko pano. Iwo amatsogolera mzere umodzi, n'kusiya mpata woti agogo anga avomere, kutsogoleranso, kusiyanso mpata. M'mipatamo mumangomveka kupuma kwa nkhalamba ikudikira. Pamapeto ananena kuti mipatayo ikabwerera yopanda kanthu sadzatumizanso mawu, ndipo pamaliro awo dzina la achimwene lisadzatchulidwe. Nanga nyimbo yoti sukuidziwa ungaikuwe bwanji m'khutu mwa munthu? Amayi anabisa foni, kuopa "pitirizani choncho" wina.

Lero titaweruka kutchalitchi ndinadzifunsa kuti, timahedifoni tomva ntchentche yotsimphina tingalephere agogo? Ndinatilumikiza ku foni ya amayi, ndinapita pomwe amakhala agogo pampando wawo pabwalo, ndinagwada n'kupereka ndi manja awiri. Atangoona timphira tija nkhope inasintha.

"Aikona!" anakuwa. Agogo salankhula, amakuwa. "Zotsekera m'makutu izi! Kumgodi anatipatsa zimenezi makutu atatha kale. Ndinagontha kamodzi, iwe ukufuna unditsekenso?"

Ine ndi amayi tinayang'anana. Aka kanali koyamba kuwamva akutchula okha za kugontha. Ndinayesa kuwauza ndi manja kuti iti sititseka, timatsegula. Akuti, "Hamba! Choka apa!" Ndinaloza pafoni chithunzi cha agogo a Nachisale. Anayang'ana kumbali. Ndiye ndinakumbukira zimene amayi anandiphunzitsa ndili wamng'ono, kuti mwana akagwada pamaso pa wamkulu sadzuka chimene wabweretsa chisanalandiridwe. Ndinangokhala chogwada. Anzanga, ndinagwada! Ndinagwada mpaka chithunzithunzi changa chinatopa n'kupita kukapuma pakhonde, mawondo analowa musimenti, nyerere zinalambula msewu pa akakolo anga n'kuikapo maroboti, amayi anayanika zochapa pamikono panga zinauma n'kuyanikanso zina. Agogo ankandiba ndi diso. Anatsokomola. Anakanda bondo. Anachita ngati akuwerenga mitambo. Mwamuna wa ku Ntcheu akhoza kupirira mwala ukumugwera pamsana, koma mdzukulu wamkazi atagwada padzuwa, anthu ochokera kutchalitchi akusuzumira pageti, zimenezo ayi.

"Khutu limodzi," anatero. "Lamanzere. Lamanja ndi limene linali pafupi ndi makina."

Ndinasankha kamphira kakakulu, ndinalowetsa pang'onopang'ono, ndinakweza mawu mpaka pamapeto, n'kudina.

Poyamba palibe chinachitika. Kenako dzanja lawo linagwira mpando. Kamwa linatseguka. Anacheukira kumbuyo, kucheukira kugeti, ngati pali amene wawaitana.

"Amayi?" anatero. Osakuwa. Chapansipansi, ndi mawu oti sindinawamvepo chibadwire.

Amayi anga anagwada pambali panga, kupukusa mutu, kuwalozera chithunzi chija. Agogo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi Nachisale ameneyu? Wakalamba chonchi? Mawu akewa ndi a amayi enieni."

Misozi inatsika kutsata makwinya mpaka m'ndevu. Apa sindikuwonjezerapo kanthu, sindingathe.

Nyimbo itafika pampata woyamba anaphonya. Pampata wachiwiri milomo inangonjenjemera. Pawachitatu, anzanga, anaimirira. Mukumva? Anaimirira munthu woti podzuka pampando pamafunika mapemphero, n'kuvomera, ndipo poti sadzimva okha anavomera ndi mawu a pansi pa mgodi, mawu oti maalamu a magalimoto analira kuchokera kuno mpaka ku Katlehong, nkhunda zinagwa pamawaya, teksi yodzaza inaima yokha anthu n'kutsika poyesa kuti afika pamsonkhano wa chitsitsimutso, galu uja anathawira pansi pa galimoto, ndege ina inazungulira m'mwamba kudikira kuti amalize, ndipo chulu cha ku Brakpan chija chinabwerera msinkhu wake wakale. Mawu onse anali nawo, palibe limene anaiwala, ngati mbalamezo anaziingitsa dzulo. Ine ndinali nditatukula foni yanga, ndikujambula, ndikulira, ndikuseka, mamina ali chuchuchu pa diresi ya kutchalitchi.

Atamaliza anati tiwaikire mawu a mwezi watha aja. Anamva za khoma, anamva za nkhuku, anamvanso yankho lawo lomwe. Anakhala pansi n'kugwira kumutu. Kenako anatenga foni ya amayi, osalowa nayo kuchipinda, pabwalo pomwepo pamaso pa tonse.

"Mlongo wanga, ndine gonthi. Ndinkachita manyazi kunena. Usapitirize choncho ayi, khomalo timanga."

Tinatumiza zonse ziwiri, kupepesako ndi nyimbo. Yankho silinachedwe. Munalibe mawu, munali nthungululu yokhayokha, yaitali, yakuthwa, yoti inalowa khutu lamanzere, kudutsa m'mutu, kukatulukira lamanja pamodzi ndi fumbi la golide limene linakhala m'menemo chichokereni kumgodi. Amayi alisesa, lili m'kapu pakabati, mudzaliona.

Zonse zitatha ndinatambasula dzanja kuti andibwezere kahedifoni kanga. Anayang'ana dzanjalo, n'kuloza kabokosi, akuti, "Bweretsa kanzake." Ndati agogo, ndi tanga, anandipatsa amalume. Apa ugonthi unabwereranso mwadzidzidzi. Panopa ali pampando pawo, tonse tiwiri tili m'makutu, akugwedeza phazi, ndipo ine ndabwerera ku takale tija topendeketsa khosi. Sindikudandaula. Pang'ono chabe.

Chabwino, za ntchentche ija mwina ndawonjezera, mwina inali yaimuna. Koma za agogo bwerani mudzaone nokha mawa tikaweruka kusukulu. Agogo a Nachisale atumiza kale nyimbo ina yofuna ovomera ambiri, ndipo agogo anga alamula kuti ndibweretse kwaya yonse pabwalo pathu tidzajambule. Mutsike pa renki, mutsate phokoso, simusochera. Iwe Chisomo udzaime kutsogolo, ndipo udzaimbe zenizeni, chifukwa akavala timahedifoni tanga, agogo milomo yongoyenda amaimva.