Chishango cha botolo la gasi

Lolemba
Ba Nakamba, eni nyumba, aona botolo langa la gasi. Malaiti akumapita tsiku lonse, ndiye ndinaligula kuti ndipumeko ku malasha. Iwo akuti ndabweretsa bomba, ndipo mutu wa bedi lawo uli kuseri kwa khoma lomweli. "Pofika pa Sondo, chichoke ichi, olo muchoke imwe." Nyumba ina muno mu Kanyama, mvula ili pakati chonchi? Mayo ine!

Koma nzeru ilipo. Pa foni ndaona akatswiri akuika khungwa lofewa, lija amatsekera mabotolo a vinyo, pakati pa malata awiri. Akuti limameza mphamvu ya chophulika. Ndimanga chishango chotchingira botolo. Ba Nakamba akuti aone kaye ndi maso.

Lachiwiri
Zofunika: malata awiri, guluu, thumba la zitsekero, nkhope yopanda manyazi.

Ndazungulira mabala asanu. Kuno anthu samwa za khungwa, zitsekero n'zachitsulo zokhazokha! Ba dikoni a kutchalitchi kwathu andiona ndikutuluka m'bala lomaliza. Moni wawo watalika kwambiri.

Lachitatu
Mlamu wanga amatsuka mbale ku loji ina ku Kabulonga. Wandibweretsera kathumba kodzaza ndi zitsekero, Mulungu amudalitse. Theka n'zapulasitiki zongonamizira. Zenizenizo ndaziyala pansi: zingateteze mbale imodzi, mwina ndi kapu. Nyumba ikununkha ngati shabini.

Lachinayi
Kudula, kumata. Chala chimodzi ndachicheka, ziwiri zamatirana.

Bambo wodzaza gasi kumsika wamva nkhani yanga, waseka mpaka kutsokomola. Akuti botolo silifuna kutsekeredwa, limafuna mphepo, ndipo paipi ndiziiyesa ndi thovu la sopo ngati ikudontha. Mtima wakhalako pansi. Koma ba Nakamba ungawaonetse thovu?

Lachisanu
Mvula kuyambira m'mawa. Madzi alowa m'nyumba osaodira. Guluu wasiya ntchito. Zitsekero zanga zikutuluka pakhomo pamzere ngati ana a bakha, ulendo wa ku ngalande. Ndathamangitsa ziwiri, ndatayirapo patapata. Atsala malata okhaokha.

Ndalira, sindibisa.

Loweruka
Malasha a aliyense anyowa, malaiti kulibe. M'yadi monse moto uli kwa ine ndekha. Ba Nakamba aima pakhomo ndi poto, akuti mankhwala awo a shuga safuna m'mimba mopanda kanthu. "Nanga bomba ija, iwilitsako madzi?"

Ndayatsa. Athawira kuseri kwa chitseko, kenako akusuzumira ndi diso limodzi. Madzi awira asanamalize pemphero. Masana abweranso ndi nyemba. Nyemba zouma, pa gasi wanga! Ndangomwetulira, lilime ndaluma.

Lamulungu
Katundu ndamanga theka. Ba Nakamba abwera atavalabe za kutchalitchi, akhala pampando osauzidwa.

"Simuzachoka, mwana wanga. Koma ichi chinthu nichoyofya, simungachisunge mweka. Chizankhala kukhichini kwanga, nizichiyang'anira ine."

Alinyamula okha botolo lija, mayi amene chaka chonse amadandaula msana!

Basi. Nyumba ndili nayo, mtima uli m'malo. Ndamasula katundu, ndayanika malasha pa malata anga awiri, ndapukuta mbaula. Kuseri kwa khoma poto akubwata. Akuti ndikafuna kuphika ndizigogoda, koma osati nthawi imene akupumula.